Mawu Ofanana Matanthauzo ndi Kaphunzitsidwe Kake m'Sukulu za Pulayimale

M'makalasi apamwamba a sukulu za pulayimale, kuyambira Sitandade 5 kufikira Sitandade 8, muli phunziro lina la Chichewa limene aphunzitsi ambiri amaliyesa losavuta. Limeneli ndi phunziro la mawu ofanana matanthauzo. Kaphunzitsidwe kake nkodziwika kwa aliyense amene anakhalapo m'kalasi. Mphunzitsi amalemba mzere pakati pa bolodi, kumanzere naikako mawu khumi, kumanja naikakonso mawu ena khumi. Ana amakopera m'makope mwawo, kenaka amawerenga mokweza onse pamodzi: kufa, kumwalira, kusamba, kutsuka, kunyamula, kusenza, Mulungu, Chauta. M'mawa mwake mphunzitsi amafufuta mbali imodzi, ana nalemba mawu amene afufutidwawo. Mwana amene wakumbukira onse amapatsidwa malikisi khumi, ndipo phunziro limatha.

Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, koma ili ndi chilema chachikulu chimene sichioneka msanga. Imaphunzitsa mwana kuti mawu awiri amene aikidwa moyang'anana pa bolodi ali ngati ndalama ziwiri za mtengo umodzi, kotero kuti munthu akhoza kupereka iyi kapena iyo kusitolo popanda kusiyana kulikonse. Chilankhulo sichiyenda motero. M'Chichewa, mawu amene amafanana kotheratu ndi owerengeka. Ochuluka amangoyandikana, ndipo chimene mwana ayenera kuphunzira ndi kampata kamene kali pakati pawo. Phunziro limene limabisa kampata kameneka limamusiya mwana ali ndi mawu ambiri m'mutu koma osadziwa powagwiritsa ntchito.

Chitsanzo choyamba chikhale cha mawu aja akuti kufa ndi kumwalira. Mwana amene analoweza kuti mawuwa ndi amodzi akhoza kulemba m'chimangirizo chake kuti mbuzi ya kwawo inamwalira, ndipo owerenga adzangoseka. Koma mwana yemweyo akatumidwa kukanena uthenga wa maliro kwa mfumu, nakafika ndi kunena kuti agogo ake afa, palibe amene adzaseke. Akuluakulu adzayang'anana, nafunsa kuti mwanayo ngwa yani. Mneni wakuti kufa amanenedwa kwa munthu, kwa nyama, kwa mtengo, ngakhale kwa galimoto. Mneni wakuti kumwalira ngwa munthu yekha, chifukwa muli ulemu. Kupyola apo palinso kutisiya, kutsirizika ndi kutsikira kulichete, ndipo wonena uthenga wochenjera nthawi zina satchula ngakhale limodzi mwa mawu amenewa, amangoti kunyumba kwagwa zovuta. Mawu onsewa akuloza chinthu chimodzi, koma wosankha molakwa amavulaza anthu amene ali kale pachisoni.

Chimodzimodzinso mawu onena za mayi amene akudikira mwana. Pali kukhala ndi mimba, kukhala ndi pakati, kukhala ndi pathupi, ndi kukhala woyembekezera. Palinso kukhala ndi bere, kumene kumanenedwa kwa ziweto zokha. Nthawi yake ikakwana, mayi amabereka, ndipo anthu aulemu amati wachira, pamene mbuzi ndi nkhumba zimaswa. Mndandanda wa pabolodi umene ungaike mawu onsewa pamzere umodzi, popanda chenjezo lililonse, ukumpatsa mwana mpeni wakuthwa osamuonetsa kumene kuli chigwiriro.

Kusiyana kwina sikukhudza ulemu koma chinthu chimene chikuchitidwacho. Chichewa chili ndi chuma chambiri pa aneni otere. Munthu amasamba thupi, amasukusula kumaso, amachukucha m'kamwa, amachapa zovala, amatsuka mbale, ndipo akatha amatsukuluza ndi madzi oyera. Ntchito zonsezi nzochotsa litsiro ndi madzi, koma palibe Mchewa amene amachapa mbale kapena kusukusula malaya. Kumunda nakonso, chimanga amakolola, mbatata amakumba, mpunga amamweta, fodya amathyola, ndiwo zamasamba amatchera, uchi amafula. Podula, mtengo amatema, matabwa amacheka, tsitsi amameta, zikhadabo amawenga. Pakudya, shuga kapena ufa amabwira, chimanga chokazinga amakukuta, ndipo wodya ndiwo zokha popanda nsima amati akususa. Mneni aliyense pamenepa ali ndi dzina limene amayenda nalo, ndipo kumulekanitsa ndi dzinalo kuti aime yekha pa bolodi nkumuchotsera theka la tanthauzo lake.

Mawu onena za kunyamula akuonetsa bwino mfundoyi. Mtolo wa nkhuni amasenza pamutu. Ndowa ya madzi imene ili pamutu popanda kuigwira amati aidendekera. Mwana amamubereka kumbuyo, kapena kumuyangata m'manja. Buku amalikwapatira m'khwapa. Makolo akale ankadziwa kusiyana kumeneku, ndipo nchifukwa chake mwambi umati mutu umodzi susenza denga. Wina atayesa kuikapo mneni wakuti kubereka kapena kukwapatira, mwambi wonse ukhoza kugwa, pakuti mutu ntchito yake nkusenza. Miyambi ndi mboni yokhulupirika pa nkhani imeneyi, chifukwa siilola kuti liwu lake lisinthanitsidwe ndi lina ngakhale mndandanda utanena kuti ndi ofanana.

Mayina nawonso ali chimodzimodzi. Nkhali, mtsuko ndi mbiya zonse nzoumba ndi dongo, koma nkhali njophikira, mtsuko ngotungira ndi kusungira madzi, mbiya njofululira mowa. Dengu, lichero ndi nsengwa zonse nzoluka, koma wopeta ufa sangatenge dengu. Munda ndi dimba onse ndi malo olima, koma dimba lili kudambo ndipo limalimidwa m'chilimwe. Mvula nayo ili ndi mayina ake: chizimalupsa chimagwa dzinja lisanayambe kudzazima malupsa, mvumbi umagwa tsiku lonse kapena masiku angapo osaleka, ndipo chiperoni, chimene chinatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, chimadza ndi nkhungu ndi chisanu kumapiri a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre m'miyezi yozizira. Mwana amene wangophunzira kuti onsewa ndi mayina a mvula sanaphunzire kanthu kamene mlimi wosapita kusukulu sakadziwa koposa.

Ngakhale mayina a Mulungu, amene kawirikawiri amakhala oyamba pa mndandanda, sali opanda kusiyana. Namalenga akukumbutsa za kulenga. Mphambe akukumbutsa za mphamvu zoonekera m'mabingu ndi m'ziphaliwali. Chisumphi ndi dzina limene linkamveka pakachisi wa mvula wa ku Msinja, kumene kunali Makewana. Omasulira Baibulo anaona okha kuti kusankha pakati pa mayina otere si nkhani yamasewera. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, linasunga dzina lakuti Yehova. Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998, linaika dzina lakuti Chauta pamalo pomwepo. Ngati akatswiri a zilankhulo ndi atsogoleri a mipingo anasinkhasinkha chotero pa liwu limodzi, nkulakwa kuuza mwana kuti kusankha mawu nkungotola limene lili pafupi.

Tsono funso nlakuti, kodi njira ya mndandandayi inazika mizu bwanji? Zifukwa zake zilipo, ndipo sibwino kuwaunjikira aphunzitsi mlandu wonse.

Chifukwa choyamba chili m'mbiri ya mabuku otanthauzira mawu. Kwa zaka zoposa zana limodzi, mabuku otere ankalembedwa pofuna kuthandiza anthu olankhula Chingerezi kuti aphunzire chilankhulochi, kapena kuthandiza eni chilankhulo kuti aphunzire Chingerezi. Buku la Johannes Rebmann linasindikizidwa mu 1877. La David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre, lofotokoza Chimang'anja, linatuluka mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso nalitulutsa mu 1929. Mabuku amenewa anasunga mawu ambiri amene akanatayika, koma ankafotokoza Chinyanja kudzera m'Chingerezi. Munthu akazolowera kuganiza motero, mawu onse a Chichewa amene amamasuliridwa ndi liwu limodzi la Chingerezi amayamba kuoneka ngati amodzi. Kusamba, kuchapa ndi kutsuka kumaoneka kofanana pokhapokha munthu ataima m'Chingerezi nayang'ana Chichewa chapatali. Buku lofotokoza mawu a chilankhulochi m'chilankhulo chomwechi, Mtanthauziramawu wa Chinyanja, linatuluka mu 2000, litakonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Mibadwo yambiri ya aphunzitsi inali itaphunzira kale ntchito popanda chida chotere. Kuwonjezera apo, kuyambira Sitandade 5 maphunziro ena onse amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo nkosavuta kuti phunziro la Chichewa lizingotsanzira kaphunzitsidwe ka Chingerezi, kumene mwana amalowezadi mawu achilendo awiriawiri chifukwa sawamva kunyumba.

Chifukwa chachiwiri ndi kuchuluka kwa ana. Boma litathetsa malipiro a sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanapite kukoleji, ndipo makalasi ena ankaphunzirira pansi pa mitengo. Mphunzitsi amene ali ndi ana zana limodzi, choko chimodzi ndi mabuku owerengeka amafuna ntchito imene ingalembedwe msanga ndi kuchongedwa msanga. Mndandanda umamuthandiza pa zonse ziwiri. Kuchonga mawu khumi a mwana mmodzi kumatenga kanthawi kochepa, pamene kuwerenga ziganizo khumi za mwana yemweyo ndi kulingalira ngati liwu lililonse lakhala pamalo pake kumafuna nthawi ndi mtima wodekha.

Chifukwa chachitatu ndi mayeso. Mayeso a Sitandade 8 ndiwo amatsegula kapena kutseka khomo la kusekondale, ndipo malo a kusekondale ndi ochepa poyerekeza ndi ana olemba. Makolo ndi aphunzitsi amafuna njira imene ingabweretse malikisi, ndipo funso lofuna yankho la liwu limodzi limaoneka ngati limangofuna kuloweza. Komabe mwana yemweyo amayenera kulembanso chimangirizo ndi kalata, ndipo mmenemo ndi mmene chilema cha kuloweza chimaonekera. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kope lodzaza ndi mizere yochongedwa bwino likhoza kukhala la mwana amene sangathe kulemba kalata yopepesa maliro.

Pali ana ena amene njirayi imawapweteka koposa anzawo. Mwana wobadwira ku Dowa kapena ku Dedza, ngakhale ataloweza mndandanda wosokeretsa, khutu lake limamuwongolera, chifukwa wakhala akumva amayi ake akunena zochapa ndi zotsuka chibadwire. Koma m'dziko la Malawi muli ana ambiri amene kunyumba amalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga kapena Chinkhonde. Kwa ambiri mwa iwo, makamaka a kumidzi, Chichewa cholembedwa amakumana nacho m'kalasi. Chimene bolodi lanena ndicho chimene amachitenga ngati choona chonse. Bolodi likanena kuti kuswa ndi kubereka nkumodzi, mwana wotere alibe womuchenjeza kufikira tsiku limene adzachite manyazi pagulu.

Kunena zonsezi sikutanthauza kuti mawu ofanana kwenikweni kulibe. Alipo, ndipo ambiri mwa iwo anadza chifukwa cha kusiyana kwa madera ndi kukumana kwa mitundu. Mphaka ndi chona ndi nyama imodzi. Chimodzimodzi nyalugwe ndi kambuku, mvuu ndi bokho, mtedza ndi nsawa. Mkango umene umatchedwa choncho kumadera ambiri, kuchigwa cha Shire umadziwikanso kuti nkhalamu. Mlongo wake wa mayi ndi mtsibweni pa Chichewa chakale, koma anthu ochuluka amati malume, liwu limene linabwera ndi Angoni. Sing'anga ndi dokotala anayamba ngati mawu a ntchito imodzi yochiza, koma pakamwa pa anthu ambiri anagawana, wina natsala ndi zitsamba, wina natenga chipatala. Ngakhale pamenepa, ndiye kuti pali kanthu koti mwana aphunzire: liwu lililonse lili ndi kwawo ndi mbiri yake.

Mbali imeneyi inavutika chifukwa cha mbiri ya chilankhulochi. Mu 1968 chipani cholamula cha Malawi Congress chinagamula kuti chilankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chilankhulo cha fuko. Mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990, lisanathetsedwe mu 1995. Ntchito yogwirizanitsa kalembedwe inali yofunika, chifukwa popanda iyo mabuku a sukulu sakanafanana. Koma mzimu wofuna Chichewa chimodzi choyera, chotsamira pa kalankhulidwe ka m'chigawo cha pakati, unachititsa ena kuganiza kuti liwu la Amang'anja, la Anyanja a m'mbali mwa nyanja, kapena la olankhula Chinyanja a ku Zambia ndi ku Mozambique ndi lolakwa. Phunziro la mawu ofanana matanthauzo ndiwo malo abwino ochiritsira maganizo amenewa. Mwana amene wanena liwu la kwawo sayenera kulembedwa mtanda wofiira. Liwu lakelo lilembedwe pa bolodi pambali pa linzake, ndipo kalasi lonse lidziwe kumene limanenedwa.

Nanga phunziroli liyenera kuphunzitsidwa motani m'kalasi lodzaza, lopanda mabuku okwanira? Njira zake zilipo, ndipo sizifuna ndalama.

Poyamba, liwu lisaime lokha. Mphunzitsi alembe chiganizo chathunthu, monga chakuti mtsikana wasenza mtolo wa nkhuni, kenaka ana ayese kuchotsa mneni ndi kuikapo mnzake. Akaikapo kunyamula, chiganizo chikhalabe bwino, ngakhale sichikunenanso kuti mtolowo uli pamutu. Akaikapo kubereka, ana okha adzaseka, ndipo kusekako ndiko chizindikiro chakuti phunziro lalowa. Pamenepo mphunzitsi afunse chifukwa chimene asekera, pakuti mwana amene wafotokoza yekha kusiyanako sadzakuiwala.

Chachiwiri, ana azoloweretsedwe kufunsa mafunso anayi pa mawu aliwonse oyandikana. Kodi liwuli limanenedwa kwa munthu, kwa nyama kapena kwa chinthu? Kodi linganenedwe pamaso pa akulu? Kodi limanenedwa kudera liti? Kodi nlamphamvu kapena lofatsa poyerekeza ndi linzake? Funso lomalizali limathandiza pa mawu amene amakwera ngati makwerero. Kudandaula, kusisima, kulira ndi kubuma sikuli pamlingo umodzi, ndipo kubuma kumamveka pamaliro. Kunyansidwa, kukwiya, kupsa mtima ndi kulusa nakonso kumakwera motero. Ana akapatsidwa mawu otere kuti awandandalike kuyambira lofatsa kufikira lamphamvu, amatsutsana, ndipo mtsutso wotere ngwaphindu kuposa kuwerenga mokweza onse pamodzi.

Chachitatu, thupi ligwire ntchito. Mwana mmodzi aitanidwe kutsogolo kuti aonetse kunyang'ama, wina kutsimphina, wina kudzandira, wina kukwawa, anzawo nanena liwu loyenera. Chimodzimodzi kusuzumira, kucheuka, kuyang'anitsitsa ndi kutong'ola maso. Buku limodzi likhoza kusenzedwa, kudendekeredwa ndi kukwapatiridwa kalasi lonse likuona. Ana zana limodzi akhoza kuonera pamodzi masewero otere, ndipo palibe kope lofunika kuchongedwa.

Chachinayi, mudzi ulowe m'kalasi. Mwana aliyense atumidwe kukafunsa agogo ake, kapena munthu wina wachikulire, mawu onse amene akuwadziwa onena za chinthu chimodzi, monga mitundu ya mvula, ziwiya zadongo kapena kakololedwe ka mbewu, pamodzi ndi kusiyana kwake. Mawu amenewa akasonkhanitsidwa m'kope limodzi la kalasi, sukulu idzakhala ndi kabuku kakekake kotanthauzira mawu a m'deralo. Ana olankhula zilankhulo zina awonjezepo mawu a kwawo, kuti aone pamene chilankhulo chawo chimagawa zinthu mofanana ndi Chichewa ndi pamene chimagawa mosiyana. Ntchito yotere imamuuzanso mwana kuti agogo ake, ngakhale sanapite kusukulu, ali ndi nzeru zimene sukulu ikuzifuna.

Chachisanu, kayesedwe kasinthe pang'ono. M'malo mofunsa liwu lofanana ndi kufa, mphunzitsi apereke ziganizo ziwiri zokhala ndi mpata, china chonena za nkhuku, china chonena za mfumu, ana nasankha liwu loyenera pa chiganizo chilichonse. Funso lotere limachongedwa msanga ngati la mndandanda lomwe, koma limayesa kumvetsa osati kukumbukira kokha. Mwana amene wazolowera mafunso otere sangalephere funso la liwu limodzi, pakuti wodziwa kusiyana kwa mawu amadziwanso kufanana kwake.

Ena angatsutse kuti ana a zaka khumi ndi ziwiri ngaang'ono pa zinthu zozama chotere, ndi kuti nkwabwino ayambe aloweza, kusiyanako adzakuphunzira kusekondale. Maganizo amenewa ali ndi zofooka ziwiri. Choyamba, ana ambiri sapitirira Sitandade 8, kotero chimene sanachiphunzire ku pulayimale sadzachiphunziranso m'kalasi lina. Chachiwiri, ana a msinkhu umenewu amadziwa kale kusiyanitsa mawu. Amadziwa kuti mnzawo amamuti iwe, pamene atate awo amawati inu. Amadziwa mawu onenedwa pabwalo la mpira amene sanganenedwe pamaso pa apongozi a mlongo wawo. Ntchito ya sukulu nkutenga nzeru imene ili kale m'khutu la mwana ndi kuiika poyera, kuti aizindikire ndi kuigwiritsa ntchito polemba.

Mndandanda wa pabolodi usatayidwe, koma ubwezedwe pamalo pake. Ukhale poyambira phunziro, pamene mawu oyandikana asonkhanitsidwa kuti ayesedwe, osati pothera pake. Anthu amene adzalembe makalata a m'maofesi, kuwerenga nkhani pa wailesi, kuweruza milandu pabwalo la mfumu, kulalikira m'mipingo ndi kulankhula m'malo mwa banja pamaliro ali m'makalasi amenewa lero. Ntchito zonsezi zimafuna munthu wodziwa kusankha liwu limodzi pakati pa asanu oyandikana. Chilankhulo chimayamba kusauka pamene eni ake aleka kusiyanitsa kusenza ndi kudendekera, nkhali ndi mtsuko, mvumbi ndi chizimalupsa, chifukwa liwu limene laoneka ngati lobwereza linzake limasiyidwa, ndipo likasiyidwa ndi mbadwo umodzi silibwereranso. Mphunzitsi wa Sitandade 6 amene waima kwa mphindi zisanu kufunsa ana chifukwa chimene mbuzi siimwalira wagwira ntchito yosunga Chichewa imene mndandanda wa mawu zana limodzi sungaigwire.